Funsani Azakhali: Anavomera onse, lero akundinena kuseri

Makalata achuluka mwezi uno, ndasankhapo anayi. Inu a nkhani za chikondi dikirani mwezi wamawa, anu sindinataye.

KALATA YOYAMBA

Azakhali,

Ndine wapampando wa banki mkhonde ya amayi 22 kuno ku Mponela. Mwezi wathawu ndinabweretsa ganizo loti chiwongoladzanja tichikweze kuchoka pa K20 kufika pa K30 pa K100 iliyonse, kuti pogawana mu Disembala aliyense adzapeze kenakake kooneka, poti zinthu zakwera mitengo. Ndinafotokoza bwinobwino, msungichuma anandivomereza, mayi a kwa mfumu nawonso anati ndi nzeru. Ndinafunsa katatu konse kuti, "Pali wotsutsa?" Panalibe. Tinawomba m'manja, mlembi n'kulemba. Lero ndikumva kuchigayo ndi kumjigo kuti ndine wankhanza, ndikufuna kulemera ndi thukuta la anzanga, ndipo amayi asanu akuti chaka chamawa sadzalowanso. Azakhali, chiphamaso chotere n'chachiyani? Pakamwa anali napo, analekeranji kunena pamsonkhano?

Wapampando wokhumudwa, Mponela

Amayi, pepani. Kunenedwa kuchigayo kumawawa, makamaka pamene mwini ukudziwa kuti sunabe tambala ya munthu. Koma mwandifunsa, ndiye ndikuuzani mosapsatira: amayi aja anakuyankhani tsiku lomwe lija, pamkeka pomwe paja. Inu munkadikira yankho la pakamwa, iwo anayankha ndi zina.

Takumbukirani bwino. Mutafunsa kuti pali wotsutsa, ndi angati anakuyang'anani kumaso? Panalibe amene anamasula mwana kumbuyo n'kuyamba kumuyamwitsa asanalire n'komwe? Panalibe amene anati, "Mmene mwaoneramo akuluakulu," kapena "Ife tingotsatira"? Nanga m'manja muja munawombedwa motani, mwamphamvu ndi nthungululu pamwamba, kapena kawiri katatu basi? Ine ndakhala m'magulu a amayi kuyambira utsikana wanga, ku Chigwirizano, kukomiti ya sukulu, kubanki mkhonde yathu, ndipo sindinamvepo "Ife tingotsatira" wochokera kwa munthu wokondwa. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Munthu woleredwa kwathu kuno sauza wamkulu kuti ayi pagulu. Amalandira, n'kukapeza chifukwa patsogolo.

Tsopano taonani mmene msonkhano wanu unayendera. Woyamba kulankhula munali inu, wapampando. Wachiwiri msungichuma, mwini bokosi. Wachitatu mayi a kwa mfumu. Atatu amenewa atalankhula nkhani inali itatha kale, funso lanu lija linali longotsekera. Ndipo ngakhale buku lanu sindinalione, ndikhoza kulosera kuti atatu inu ndinu a masheya ambiri. Chiwongoladzanja chikakwera, wopindula mu Disembala ndi wa masheya ambiri amene sakongola kawirikawiri. Wolipira ndi mayi wa masheya awiri, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1, amene amatenga K50,000 mwezi ndi mwezi kuti akapikule. Kale ankabweza K60,000, tsopano azibweza K65,000. K5,000 imeneyo ndi sopo ndi mchere wa kunyumba kwake. Iyeyo ndiye anali ndi chifukwa chotsutsira. Koma ndi yemweyonso amene sabata yamawa abwere pamaso panu kudzapempha ngongole ina, mwina ali ndi chindapusa chimene munamukhululukira, mwinanso dimba limene amalima anapatsidwa ndi amfumu omwewo. Mumafuna aimirire anene kuti mayi a kwa mfumu alakwitsa? Akadyera kuti?

Musaganize kuti ili ndi vuto la amayi a kumudzi, kapena la Amalawi okha. Kukoleji ya aphunzitsi anatiphunzitsa za katswiri wina wa ku America, Solomon Asch, amene mu 1951 anayesa chinthu chooneka ngati masewera. Ankasonkhanitsa anyamata a pakoleji 7 kapena 8 n'kuwaonetsa makadi awiri, lina la mzere umodzi, lina la mizere itatu yosiyana kutalika. Funso lake linali la mwana wa Sitandade 1: mwa itatuyi, wofanana ndi uja ndi uti? Chinsinsi chinali chakuti onse m'chipindamo anali atapangana ndi Asch kuti azitchula mzere wolakwika, kupatula mmodzi amene sankadziwa kanthu, ndipo ameneyu ankamukhazika chakumapeto kuti ayambe wamva anzake. Munthu akamayankha payekha sankalakwa n'komwe, mwina mwa apo ndi apo. Koma pagulu, anthu 3 mwa 4 alionse anatsatira bodza la anzawo kamodzi kapena kuposerapo, maso awo akuona. Awatu anali anthu opanda ngongole kwa wina aliyense m'chipindamo, oti akatuluka pakhomo aliyense alowera kwake. Nanga kuli bwanji amayi otunga pamjigo umodzi, oikana maliro?

Mbali imene imandigwira mtima ine ndi imene anthu saikamba kwambiri. Asch atangoikapo munthu mmodzi yekha woti azinena zoona, kutsatira gulu kuja kunatsika kwambiri. Atalola kuti munthu alembe yankho lake papepala m'malo molitchula mokweza, kunatsikanso. Amayi asanu amene akufuna kutulukawo akanangomva mmodzi akutsokomola n'kunena kuti 30 yachuluka, bwenzi mutamva mawu asanu tsiku lomwelo.

Ife a zaka zathu tinazionanso ndi maso. Mukanaweruza potengera misonkhano ya m'ma 1980, mmene mabwalo ankadzazira ndi mmene tinkavinira, mukanalumbira kuti dziko lonse lili ndi mtima umodzi. Pa 14 Juni 1993 aliyense analowa yekha m'kachipinda kovotera kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, kufuna zipani zambiri. Anthu ake anali omwewo.

Makolo athu ankalidziwa vutoli, ndipo mankhwala ake anali nawo. Atsibweni anga anali nduna ya nyakwawa kwathu ku Dedza, ndipo ndili mwana ndinkakonda kubisala kuseri kwa nkhokwe kumvetsera milandu. Amfumu ankakhala pampando wawo wandalema atazyolika, akulembalemba pansi ndi ndodo, nkhope osaonetsa kuti ali mbali iti. Ankayamba wodandaula, kenako woyankha, mboni, anthu wamba amene ali ndi mawu, ndiye nduna. Nkhani ikavuta nduna zinkapita pambali kukagundana mitu. Amfumu ankalankhula pomaliza penipeni, ndipo kawirikawiri ankangomanga mfundo zimene zatuluka kale. Ankadziwa kuti iwo akangotsegula pakamwa, pakamwa pa ena ponse patsekeka. Ife m'makomiti mwathu tinatengera kusukulu ndi kumaofesi zoti wapampando azitsegula nkhani ndi maganizo ake, koma mantha otsutsa wamkulu tinawasunga. Ziwirizi siziyendera limodzi.

Ngakhale John Kennedy, amene anali pulezidenti wa America, anazizindikira atapsa kale. Mu 1961 alangizi ake anavomereza pulani yokaukira Cuba ku Bay of Pigs, ena mwa iwo akukayika mumtima koma osanena, ndipo zinathera m'manyazi. Chaka chotsatira, pa mkangano wa mizinga ya Soviet Union ku Cuba komweko, iye ankajomba dala misonkhano ina kuti anthu ake atsutsane momasuka.

Ndiye chitani izi. Musafufuze amene anayambitsa miseche. Mukamupeza mudzangotsimikizira onse kuti anachita bwino kukhala chete. Pamsonkhano wotsatira nenani kuti nkhani ya chiwongoladzanja mwaibweza pamkeka, poti inathamanga. Agaweni amayi m'timagulu ta anayi kapena asanu, ndipo inu, msungichuma ndi mayi a kwa mfumu mukhale kagulu kanukanu, chapatali. Kagulu kalikonse kasankhe wokanenera. Munthu amalimba mtima kunena kuti "gulu lathu laona kuti" kusiyana ndi "ine ndikuona kuti". Musagamule tsiku lomwelo. Msonkhano weniweni wa amayi umachitika panjira pobwerera kunyumba, ndiye upatseni mpata uchitike chigamulo chisanalowe m'buku. Sabata inayo aliyense mumpatse nyemba imodzi, muike kuseri kwa nyumba zitini ziwiri zoboola pachivindikiro, china cha 20 china cha 30, azipita mmodzimmodzi.

Mukandifunsa ine, 30 yachuluka. Tomato sabala phindu lotero mwezi uliwonse, ndipo mudzatha chaka mukuthamangitsana ndi anzanu, kulanda ndowa ndi mapoto. Koma nyemba zikanena 30, ikhale 30 yomweyo, kuchigayo kudzati zii.

KALATA YACHIWIRI

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27. Ndinabwera kuno ku Britain chaka chatha ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba panyumba ina kufupi ndi Leeds. Abwana anga, mayi wachizungu, anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti sakundimvetsa. Akuti akamandilankhula ndimayang'ana pansi ngati ndikubisa kanthu, ndimavomera chilichonse kenako zina osachita. Tsiku lina ndinaona kuti namwino wasinthanitsa mbale za chakudya za agogo awiri, mmodzi wa matenda a shuga, ine ndinangozibweza mwakachetechete osanena. Akuti ndikanalemba lipoti. Ine ndimaona ngati ndikupereka ulemu. Amafunanso kuti agogo a zaka 90 ndiziwatchula dzina lawo loyamba, koma lilime langa limakana. Kodi nditaye khalidwe la kwathu kuti ntchito isandithere?

Mnyamata wosokonezeka, Leeds

Mwanangu, usataye kanthu. Koma zimene abwana ako akudandaulazo sizolemera mofanana, ndiye tisaziike m'thumba limodzi.

Za maso n'zopepuka. Ineyo ndaphunzitsa ana ambirimbiri kuti wamkulu akamalankhula suima chilili n'kumutong'olera maso. Umagwada kapena kunyonyomala, maso pansi, manja pamodzi. Kwathu mwana woyang'anitsitsa wamkulu pamene akudzudzulidwa ndiye wamwano. Kumeneko anawaphunzitsa zina: wothawitsa maso ndiye wabodza, kapena sakumvetsera. Nonse awiri mukufuna chizindikiro choti mawu afika, kungoti zizindikiro zanu zikusemphana. Auze abwanawo kamodzi, momveka, kuti kwanu kuyang'ana pansi ndi ulemu umene umapatsa bambo ako okubala, ndipo ukuyesetsa kuzolowera za kumeneko. Kenako yeserera: yang'ana kumaso pang'ono, gwedeza mutu, yang'ana kumbali, bwereranso. Azungu nawonso sayang'anitsitsana osaphethira.

Za mayina, lilime lako likukana chifukwa kwathu dzina la munthu wamkulu sitilitchula wamba. Timati agogo, aBanda, anaPhiri, bambo a uje, make uje. Afunse eni akewo kuti amakonda kuitanidwa motani. Ena a zaka 90 udzapeza kuti amakondwa ndi dzina la banja ndi ulemu wake, monga zinalili iwo ali achinyamata, ndipo zoitanidwa ngati ana amangopirira. Amene wakuuza yekha kuti umutchule dzina loyamba, mutchule, wasankha mwini wake.

Kuvomera chilichonse ndiye kwayamba kulemerako. Katswiri wina wa zikhalidwe za anthu, Edward Hall, analemba mu 1976 kuti pali mitundu imene uthenga wambiri umakhala m'mawu enieniwo, monga Ajeremani ndi Aamerika, ndi ina imene uthenga wambiri umakhala kunja kwa mawu: akulankhula ndani, kwa yani, pamaso pa yani, ndipo wasiya chiyani osanena. Iye ankakonda chitsanzo cha Japan, koma akanafika ku Ntchisi sakanasowa cholemba. Iwe ukavomera, nthawi zambiri ukunena kuti wamva kuti abwana alankhula ndipo ukuwalemekeza. Iwo akamva wavomera amalemba mumtima kuti ntchito ichitika.

Usaganizenso kuti Angelezi ndi olankhula mosabisa. Nawonso amaphiphiritsa, mwa mtundu wawo. Bwana wachingelezi akati mwina ungaganizireko zoyamba wasintha zofunda usanapereke tiyi, ngati ungapeze mpata, sakukupatsa ufulu wosankha ayi, wakulamula. Ndikukayikira kuti zina zimene akuti sunachitezo iwe unazimva ngati maganizo chabe. Akakutuma, bwereza zimene wamva m'mawu ako: "Ndiye ndiyambe chipinda chakuti, kenako chakuti, isanakwane 10 koloko?" Ngati sunamve, nena kuti sunamve. Ngati nthawi sikwana, nena pomwepo, osati madzulo ntchito itagona.

Koma za mbale zija, mwanangu, pamenepo abwana ako akunena zoona ndipo sindikunyengerera. Ndikudziwa chimene unachita. Unamuphimba namwino kuti asachite manyazi, monga tichitira kwathu wamkulu akaphonya, timakonza mwakachetechete n'kukhala ngati sitinaone. Mtima wake ndi wabwino. Koma iwe sudzakhalapo tsiku lililonse. Ngati mbale zinasokonekera chifukwa mayina pathireyi salembedwa bwino, kapena agogo awiriwo anasinthidwa zipinda, zidzasokonekeranso tsiku limene iwe uli kunyumba, ndipo wa shuga uja adzadya zimene sayenera kudya. Lipoti akunenalo ndi loti vutolo lipezeke pamene layambira.

Pa 27 Malichi 1977, pabwalo la ndege la pachilumba cha Tenerife, cha dziko la Spain, ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ya kampani ya KLM ndi ya kampani ya Pan Am, zinawombana pansi kuli chifunga, anthu 583 n'kufa. Woyendetsa ndege ya KLM anali mkulu wolemekezeka, mphunzitsi wa oyendetsa anzake. Atayamba kuithamangitsa kuti inyamuke, injiniya wake anafunsa ngati ndege ya Pan Am ija inali itachokadi mumsewu. Mkuluyo anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo wofunsayo sanabwerezenso. Awatu anali Adatchi, anthu otchuka ndi kulankhula mosapsatira, koma pamaso pa wamkulu funso linangotuluka n'kufera pomwepo. Ngozi imeneyi ndi zina zotere zinachititsa kuti makampani a ndege ayambe kuphunzitsa antchito awo mwadala mmene wamng'ono angatsutsire wamkulu ndi mmene wamkulu angamvere, ndipo pambuyo pake zipatala zinatengera.

Chikhalidwe chathu usachinamizire. Mwana akaona nkhokwe ikupsa sayamba wagwada ndi kuwomba m'manja, amakuwa. Ukadzaonanso zotere, uza namwinoyo poyamba, pambali, ndi ulemu wonse umene uli nawo, kenako lipotilo mulembe limodzi.

KALATA YACHITATU

Azakhali,

Ndine Mtumbuka wa ku Rumphi, ndinakwatira Mchewa wa ku Dowa, timakhala ku Lilongwe. Tikapita kumudzi kwa mkazi wanga, apongozi anga aakazi akandiona panjira amapatukira kutchire. Moni amandipatsa ali kuseri kwa chitseko, nsima amatuma mwana, sanakhalepo nane pamkeka. Ndinawagulira malata a nyumba koma zikomo wake ndinamvera kwa mkazi wanga. Kodi amadana nane chifukwa ndine wa Kumpoto?

Mkamwini wodabwa, Area 36

Bambo, ndaseka, mundikhululukire. Apongozi anuwo akukupatsani ulemu waukulu umene mayi wachichewa angapereke kwa mwamuna wa mwana wake. Akanakhala kuti amadana nanu bwenzi atakhala nanu pamkeka kalekale n'kukuuzani kumaso.

Kwa Achewa mwamuna ankapita kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi, nyumba yake pafupi ndi ya apongozi, munda wolima wa mbumba ya apongozi omwewo. Anthu awiri amene akakangana banja limagwedezeka ndi amenewa, mayi wa mkazi ndi mwamuna wa mkaziyo. Ndiye mwambo unawatalikitsa, kuti mawu asamadumphe kuchoka pakamwa pa uyu kukagwa m'khutu la uyo akadali otentha. Amadzera kwa mkazi, kwa mwana wotumidwa, zikakula kwa ankhoswe, ndipo pofika amakhala atazizira. Zikomo wa malata anafika, bambo. Tayang'anani nkhuku imene imafa mukangofika, ndi thumba la mtedza limene amakweza m'galimoto pobwerera.

Inu a ku Rumphi musadabwenso kwambiri. Tafunsani akazi anu mmene amakhalira ndi bambo anu mukapita kwanu. Ndinaphunzitsako ku Mzimba, ndinaona akamwana akugwada chapatali, dzina la apongozi aamuna osalitchula, osadya pamaso pawo. Ndi mwambo womwewo, kungoti kwanu, kumene mkazi ndiye amatengedwa ndi malowolo, umagwera iye.

Mukafuna woseka naye kumudziko alamu anu alipo, ndi agogo a akazi anu. Ngati mukufunadi kuti mtundawo uchepe, musapite nokha kukadzikhazika pakhonde pa apongozi. Tumani ankhoswe akafunse mmene banja limenelo limachitira, poti mabanja amasiyana.

KALATA YACHINAYI

Azakhali,

Banja lathu lili ndi gulu la WhatsApp la anthu 46, ena ali ku Joni, ena ku Lusaka, ena ku Lilongwe ndi kumudzi. Agogo athu, amayi awo a mayi anga, agonekedwa m'chipatala. Ndinalemba pagulupo kuti pakufunika K300,000 ya mankhwala, mayendedwe ndi chakudya cha owadikirira. Onse anawerenga. Atatu anatumiza timanja topemphera, ndalama ayi. Patapita masiku ndinapsa mtima n'kulemba kuti, "Akamwalira musadzabwere ndi nkhata za maluwa." Apa ndiye gulu lonse linadzuka. Atsibweni akuti ndine wamwano, andichotsa pagulu. Walakwa ndani?

Mdzukulu wokwiya, Chilomoni

Mwanangu, walakwa ndiwe, alakwanso iwo, koma chimene chinayamba kulakwika ndi katumizidwe ka uthengawo. Uthenga wopita kwa anthu 46 nthawi imodzi aliyense amauyesa wa mnzake.

Mu 1968 akatswiri awiri a ku America, Bibb Latané ndi John Darley, ankaika ophunzira m'chipinda kuti ayankhe mafunso papepala, kenako n'kuyamba kulowetsa utsi kudzera pakabowo ka pakhoma. Munthu akakhala yekha, 3 mwa 4 alionse ankatuluka kukanena. Akakhala ndi anthu awiri amene anauzidwiratu kuti asatekeseke, wokanena anali mmodzi yekha mwa 10. Enawo ankangokupiza utsi ndi dzanja, kutikita m'maso, n'kumalembabe. Aliyense ankayang'ana nkhope za anzake kuti adziwe ngati zinthu zavutadi.

Pagulu lanu ndikuona zinayenda chonchi. A ku Lilongwe anati atumiza a ku Joni, si amalandira marandi? A ku Joni anati tikayamba ife, ndalama imene titchuleyo ikhala mtengo wathu mpaka kale, ndipo ena onse apuma. Wamng'ono amene anali ndi K5,000 anachita manyazi kuitchula pamaso pa amene angathe K50,000, anaopanso kudumpha akuluakulu amene sanalankhule. Akamwini ndi akamwana anati iyi ndi nkhani ya eni mbumba. Timanja topempherato tinkanena kuti ndaona, ndikudikira wamkulu ayambe.

Wamkuluyo, atsibweni ako, ndikuganiza anakhumudwa usanalembe n'komwe za maluwa. Matenda a mayi wa mbumba ndi nkhani ya mwinimbumba. Iye ndiye amaitanitsa thandizo, ndipo kumudzi sakuwira pachulu. Amatuma munthu khomo ndi khomo, aliyense n'kuuzidwa ndi dzina lake. Iwe utalemba, ngakhale mtima wako unali wabwino, pamaso pa anthu 46 zinaoneka ngati mwana wa mlongo wawo akulengeza kuti iwo udindo wawakanika. Kumudzi anthu amenewa sakhala malo amodzi, ngakhale pamaliro abambo amakhala kwawo, amayi kwawo, akamwini pantchito zawo. Foni yawaunjika pamodzi, apongozi ndi akamwini, atsibweni ndi ana a sukulu, popanda wogwada, popanda wotumidwa.

Mawu ako a nkhata za maluwa ndi oona. Ndawamvapo akunenedwa pamaliro, anthu n'kuseka, ena n'kupisa m'thumba mwamanyazi. Koma ankawanena ndi adzukulu okumba manda, kapena msuweni, anthu amene mwambo unawapatsa chilolezo chonena zowawa mwanthabwala popanda mlandu. Amayi athu nawo anali ndi pamtondo: mkazi ankaimba dandaulo lake akusinja, mwamuna ndi apongozi akumva bwinobwino, koma panalibe womuzenga mlandu poti ndi nyimbo. Iwe unanena mawu a msuweni ndi pakamwa pa mwana, ndiponso molemba, moti atsibweni akhoza kuwawerenga kakhumi n'kukwiya kakhumi.

Agogo akadali m'chipatala, ndiye zobwerera pagulu zisiye kaye. Pempha amayi ako kapena msuweni wako wamkulu akuperekeze kwa atsibweni ukapepese chifukwa cha mawuwo. Za ndalamazo usapepese, zikufunikabe. Kenako mukhale pansi awiri mugawe K300,000 ija nyumba ndi nyumba, ana a mayi uje zakuti, ana a mayi uje zakuti, poyang'ana mmene akupezera. Nyumba iliyonse iimbiridwe foni, kwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo woimba akhale atsibweni. Mayunitsi ugule ndiwe. Pagulu paja pangopita zinthu ziwiri: nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira, ndi mndandanda wa nyumba zimene zapereka, umene aziutumiza iwowo madzulo alionse. Pamndandandapo musaike kuchuluka kwa ndalama, mayina a nyumba okha, ndipo nyumba ya atsibweni ikhale pamwamba.